Munthu Wopanda Loko m'Galaja ya Mabasi

Ntchito ya m'galaja ya mabasi ndinaipeza pakhomo la tchalitchi ku Tottenham, galimoto ya munthu itakana kulira. Ndinali nditangofika kumene kutsatira akazi anga, amene anali namwino pachipatala china kuno ku London. Munthu amene wakonza malole ku Blantyre kuyambira unyamata wake sakhazikika pampando. Ndinkadzuka, kusesa, kutuluka, kubwerera, kutulukanso. Lamulungu lina tikutuluka m'mapemphero ndinaona bambo wina wamfupi, wadazi, akumenya chiwongolero ndi chikhatho. Ndinamuuza kuti ayesenso kuliza. Nditamvetsera ndinati mpweya walowa m'paipi ya dizilo. Tinaupopa, galimoto inalira.

"Imwe ba mudala, musebenza kuti?" anandifunsa m'Chinyanja cha ku Lusaka.

"Sindili pantchito."

"Manje muononga chabe matu. Mailo tiyende tonse."

Matu ankatanthauza makutu anga. Ameneyo ndiye Tembo, ndipo m'mawa mwake ananditengeradi kwa kapitawo wa galaja, mzungu wina dzina lake Dave. Ndinayamba ngati Tembo, kudzera ku ejensi, ija imabwereketsa antchito kumakampani n'kumawalipira pa sabata. Patapita nthawi ndinalemba mayeso a umakaniko a kuno, kampani inandilemba m'buku lake. Tembo mayeso olemba ankawazemba. Ankati cholembera chimamutulutsa thukuta kuposa giyabokosi. Choncho amene anandilowetsa pakhomo anatsala wa ejensi, ine wobwera pambuyo n'kukhala wokhazikika. Nthawi imeneyo kusiyana kumeneku sitinkakuona ngati kanthu. Ovolosi inali imodzi, mafuta akuda m'zikhadabo anali amodzi.

Ndinene msanga kuti ine ndimasunga pepala lililonse. Kalata yondilemba ntchito, timapepala ta malipiro, masatifiketi, zidziwitso zomata pakhoma zimene ena ankapukutira manja, zonse zili m'mafayilo pamwamba pa wadirobu. Akazi anga amati tsiku limene nyumba idzapse ndidzayamba kupulumutsa mapepala, iwo pambuyo. Sindinawatsutsepo.

Ntchito ya dizilo ndi ntchito ya khutu. Basi ikalowa, umaiimika pamwamba pa dzenje lokonzeramo, kuika zophinjira kumatayala, kenaka kumvetsera. Tembo ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga paijini, chogwirira pakhutu, maso ali tsinzini, n'kukuuza kuti vuto lili pa injekita yachitatu. Ndipo lamulo loyamba, limene aliyense wa ife analimwa ngati phala, linali lakuti usalowe kunsi kwa basi injini ikulira. Ikazima, pakakhala zii, yafa. Tsika, gwira chilichonse. Thupi la makaniko wa dizilo limakhulupirira bata kuposa mawu a munthu.

Kenaka kunabwera mabasi amagetsi. Asandinamizire munthu kuti ndinkadana nawo. Ine ndatsokomola makhololo akuda zaka zambiri, ndipo utsi umene ndinkapuma m'galaja ndi womwewo umene ana ankapuma pamalo odikirira basi. Dizilo anayenera kupita. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mmene anagawira thandizo.

Anatisonkhanitsa m'chipinda chodyera n'kutiuza za thumba la ndalama lothandiza madera amene moyo wawo watsamira pa malasha ndi mafuta, kuti pamene dziko likusiya zoipitsa mpweya, anthu a kumeneko asagwe chagada. Anati mbali ina ya ndalamazo yafikira ife, kuti tiphunzire kukonza mabasi amagetsi. Ndinaona kuti n'zomveka. Ife mgodi tinalibe, koma galaja yathu inali dera la mafuta ndithu, ndipo mabanja ambiri ankadya kuchokera m'thanki ya dizilo. Ndinakweza dzanja.

"Nanga a ejensi?"

"Thumba limalipirira amene ali m'buku la kampani," anatero Dave. "A ejensi awaphunzitse a ejensi."

Ndinalembera ku ejensi. Anayankha kuti mabasi ndi a kampani, ndiye iphunzitse ndi kampani. Kalata yanga ndi yankho lawo ndili nazo, ndipo mulibe chinsinsi. Aliyense ankadziwa. Ankangoponyerana munthu ngati mbatata yotentha.

Maphunzirowo ndinapita. Ndinaphunzira kuti nthambo za mtundu wa lalanje ndi zimene zimanyamula magetsi opha. Mphete ndi wotchi umavula usanayandikire. Magolovesi a labala umayamba wawapinda kuti mpweya udzaze, n'kumvetsera ngati akutuluka mphepo. Umazimitsa swichi yaikulu, kuzula pulagi yolekanitsa mabatire, kudikira kuti magetsi otsalira atsike, kenaka kuyeza ndi mita. Mitayo umayamba waiyesa pa kabokosi kodziwika kuti kali ndi magetsi, kenaka pabasi, kenaka pa kabokosinso, kuti isakunamize. Pakhoma pamakhala ndodo yaitali yokhala ndi mbedza, yokokera munthu amene magetsi amugwira.

Ndipo aliyense womaliza maphunziro ankapatsidwa loko wakewake wofiira, wolembedwa dzina lake, kiyi wake mmodzi yekha. Ukazimitsa basi umakhoma loko wako paswichi. Mukakhala angapo, pali kachitsulo ka mabowo kuti aliyense akhome wake. Basiyo siingayatsidwe mpaka loko womaliza atachoka, ndipo palibe munthu, ngakhale bwana wamkulu, wololedwa kuchotsa loko wa mnzake. Kudula loko kumafuna kuti atsimikize kaye kuti mwini wake sali pamalopo. Lamulo limeneli ndinalikonda kwambiri. Mphunzitsi wathu ankabwereza mawu amodzi: basi yamagetsi ikakhala chete sindiye kuti yazima.

Atabwera mabasiwo, anajambula mzere wachikasu pansi pakati pa galaja. Uku kwa magetsi, uku kwa dizilo. Wopanda loko asawoloke. Mzerewo unkasuntha. Miyezi ingapo iliyonse tinkapeza aupentanso, mbali ya dizilo yachepa. Tembo ankauyang'ana akumwa tiyi.

"Ba Kachingwe, uyu mzere uzanipeza ku toileti," ankatero akuseka.

Ine sindinkaseka. Ndinkagwira ntchito khutu limodzi lili tsidya lina la mzere. Pa nthawi yopuma ndinkayesa kumufotokozera za nthambo za lalanje, koma kuuza munthu pakamwa si kumuphunzitsa manja. Manja ake anali ataphunzira kale zina kwa zaka zochuluka kuposa zanga.

Tsiku lovuta linali limene kunkabwera alendo ochokera ku thumba lija kudzaona zimene ndalama zawo zachita. Mbali ya magetsi anaikolopa mpaka kunyezimira. Basi yatsopano yoti alendo akwere n'kujambulitsa inaima pakati, ndipo ine ndinapatsidwa ntchito yoiyendera komaliza. Ndinaizimitsa, ndinakhoma loko wanga, ndinayamba kuyang'ana.

M'mawa womwewo basi ina yamagetsi inabwerera kuchokera kumsewu. Inali itakhula kunsi pa chitunda chochepetsa liwiro, ndipo dalaivala ananena kuti mpweya wa mabuleki ukutuluka. Poti kumbali ya magetsi sankafuna dothi alendo asanafike, wina analamula kuti aiimike padzenje la kumbali ya dizilo. Dalaivala anatsika n'kupita kukalemba lipoti. Swichi yaikulu sanaikhudze, poti si ntchito yake.

Ine ndinangomva kaphokoso ka sipanala ikugunda chitsulo kumene sikunayenera kumveka. Nditatembenuka ndinaona basi yamagetsi padzenje la Tembo, ndipo Tembo mwini wake kulibe. Ndinathamanga, m'njira n'kuzula ndodo ya mbedza pakhoma. Nditasuzumira m'dzenje ndinamupeza atapendeketsa mutu, akutsatira kulira kwa mpweya, dzanja lili m'mwamba ndi sipanala yachitsulo. Pafupi ndi dzanjalo chivindikiro chinali chitang'ambika, nthambo ya lalanje itasupuka, zamkati zikuoneka.

Sindinakuwe, poopa kuti angadzidzimuke n'kugwedeza dzanja. Ndinakoleka mbedza pamkono n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Anagwa chagada m'dzenjemo, sipanala inauluka.

"Imwe! Munidonsa monga mbuzi?" anakalipa akudzuka. "Iyi basi yazima! Simumvela kuti ili zii?"

Ndinamulozera nthamboyo ndi ndodo. Anaiyang'ana, anayang'ana dzanja lake, anakhala pansi pa masitepe a dzenje. Ndinaitana mnzanga wina wa loko, tinazimitsa basiyo mwa dongosolo lake. Mita inasonyeza kuti inali yamoyo nthawi yonseyo.

Dave anabwera nkhope itafiira. Sanali munthu woipa, koma anali ndi mantha, ndipo wamantha amafuna pothira mlandu msanga.

"Wagwira basi yamagetsi alibe chilolezo," anatero. "Atenge chikwama chake. Ndiimbira ejensi."

Wa ejensi sachotsedwa ndi msonkhano kapena kalata. Foni imodzi imakwana. Tembo anali ndi ana kusukulu ku Lusaka, ndipo pa msinkhu wake, dizilo akutha paliponse, akanalowera kuti?

"Tembo sanawoloke mzere," ndinatero. "Basi ndiyo yawoloka. Yamupeza padzenje lake."

Ndinathamangira ku lokala yanga yosungiramo zovala, mmene ndinkasunganso fayilo imodzi, n'kubwera nayo, makalata aja ali pamwamba. Dave sanaitsegule n'komwe.

"Zonsezi ndikuzidziwa, a Kachingwe. Alendo ali panjira. Kachotseni loko wanu pabasi ya alendo ija."

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti kiyi ali m'thumba langa. Ndinaika fayilo pansi.

"Sindichotsa."

"Mwamaliza kuiyendera kapena ayi?"

"Basi ndamaliza. Koma munatiphunzitsa kuti loko umachotsa ukatsimikiza kuti aliyense amene ali pafupi ndi wotetezeka. Muno muli anthu amene sadziwa kusiyanitsa basi yamoyo ndi yozima, ndipo lero taona kuti mzere wanu suwateteza. Ine sindinatsimikize."

"Ndidula."

"Dulani. Koma mulembe kuti mwini wake sanali pamalopo, ine nditaima pano."

Ndinali nditatsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo ndinkadziwa kuti ndikuseweretsa penshoni yanga. Kenaka ndinamva kuti khethe. Mnzanga uja tinazimitsa naye basi anali atakhoma loko wake pafupi ndi wanga. Wina anabwera, winanso. Kachitsulo kaja katadzaza, anakolekapo kena. Maloko ofiira analendewera paswichi ngati phava la nthochi.

Alendo anatipeza choncho. Mtsogoleri wawo anali mayi wina wamagalasi, wovala chipewa chachitetezo chimene chinkamukulira. Anayang'ana malokowo n'kufunsa mwansangala ngati ndi mmene timachitira masiku onse.

"Mayi, musafunse ife amene tili ndi maloko," ndinatero. "Funsani uyo alibe."

Tembo anali atakhala pabenchi, chikwama chili pamiyendo. Mayiyo anapita kukamufunsa chifukwa chake alibe loko. Anayankha m'Chingelezi chake chosachedwa, kuti iye ndi wa ejensi, ndiye ndalama za thumba sizimuona. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kuwonjezera m'chathu, "Nili chabe na matu, ba mudala. Manje izi basi sizikamba."

Mayiyo anapempha kuona dzenje ndi nthambo ija. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Sanalonjeze zodabwitsa. Anati malamulo a thumba sangawasinthe yekha, koma zimene waonazo akazilemba monga zilili, ndipo anafunsa Dave ngati kampani ikufuna kuti lipoti linenenso kuti munthuyo anachotsedwa tsiku lomwelo. Dave anabweza foni m'thumba. Titamva kuti Tembo sachoka, ndi kuti basi yamagetsi siidzaimanso kumbali ya dizilo isanazimitsidwe, tinachotsa maloko, aliyense wake. Alendo anakwera, anajambulitsa. Chithunzicho ndili nacho. Onse akumwetulira.

Tembo anamukhazika kunyumba masabata angapo akufufuza nkhaniyo. Kenaka kampani inamulemba m'buku lake n'kumutumiza kumaphunziro. Mayeso olemba analephera ulendo woyamba. Tinkakhala patebulo la kwathu Loweruka masana, ine ndikufunsa, iye akutuluka thukuta, akazi anga akutiseka. Ulendo wachiwiri anakhoza. Tsiku limene analandira loko wake anayenda naye galaja yonse ataukoleka pakhosi ngati mendulo.

Koma musaombe m'manja. A ejensi sanali Tembo yekha. Anzake ena, amene sanachite mwayi wotsala pang'ono kufa pa tsiku la alendo, anapitiriza kukankhidwa ndi mzere wachikasu uja mpaka unafika pakhoma. Aliyense analandira uthenga pafoni kuti asabwere Lolemba. Ndinalemba makalata, mayankho ndili nawo, onse aulemu, onse opanda kanthu. Mmodzi wa iwo ndinakumana naye ku Peckham akukankha ngolo ya makatoni m'sitolo, munthu amene ankatha kumasula giyabokosi ndi maso otseka.

Tsopano ndinapuma pantchito. Loko wanga ndinapempha kuti ndipite naye, ali m'fayilo yomweyo ya makalata. Ndikamva pa wailesi kuti kwatuluka ndalama zothandiza anthu a malasha ndi mafuta kuwolokera ku ntchito zatsopano, ndimadzuka pampando, ndimayendayenda m'nyumba mpaka akazi anga andiuze kuti ndikhale pansi. Ndimadziwa zimene alendo akaonetsedwe: pansi pokolopa, makina atsopano, anthu a masatifiketi ataima pamzere. Mukadzapita kumalo otere, mudzawapatse moni amenewo, kenaka mudzadutse. Mudzapite kuseri, kumene sikunakolopedwe, mukafunse kuti muno wopanda loko ndani.