A Tatsuji Avala Chamaliro

Ine ndinkayendetsa nyumba yosambiramo anthu m'kanjira kathu ku Amagasaki, ndipo munthu wokhala pakhomo la bafa amadziwa zambiri kuposa dokotala. Ndinkaona amene waonda, amene wamenyedwa, amene akubisa mimba. A Kuroiwa Tatsuji ndinawadziwa nthiti zawo zisanayambe kuonekera.

Ntchito yawo inali yojambula zikwangwani za kanema, nkhope zikuluzikulu zopachika pasiteshoni. Dzanja anali nalo, pamenepo sindingawanamizire. Koma nkhondo itatha anagwirizana ndi kagulu ka anzawo a ku Osaka, amene ankati chithunzi chapakhoma n'chachikale, luso lenileni munthu amachita ndi thupi lake. Chaka china anadzikulunga m'mawaya n'kugona pamlatho. Chaka china ankapenta mthunzi wa fakitale pamsewu, dzuwa likasuntha iwo n'kumathamanga ndi ndowa ya utoto. Atolankhani ankabwera, kujambula, n'kumapita. Ife tinkangoti ndi misala ya anthu ophunzira, chisoni n'kumamvera mkazi wawo Mitsue, mayi wofatsa wosoka zovala.

Chifuwa chinawayamba m'nyengo yachisanu. Mitsue anandinong'oneza kuti adokotala awauza apite msanga kuchipatala cha kumapiri, mapapo asanatheretu. M'malo mopita, tsiku lina masana a Tatsuji anatulukira pakhomo panga atavala kimono yoyera, mbali yakumanja ili pamwamba. Ngakhale mwana amadziwa kuti wamoyo amaika yakumanzere pamwamba, inayo timaveka mtembo.

"A Kuroiwa, mwavalira mumdima kapena?" ndinatero. "Tembenuzani msanga, mundithawitsira anthu."

"Ndavala bwinobwino, mayi. Kuyambira lero ndafa, mpaka chikondwerero cha mizimu. Mukandiona musandipatse moni."

"Ndiye akufa asambe m'bafa mwanga? Kasambeni kumanda uko."

Anaseka, kusekako n'kuthera m'kutsokomola.

Imeneyo ndiyo inali ntchito yawo yatsopano. Ankafuna kuona ngati anthu a kanjira kamodzi angathe kuika munthu m'manda iye akuyenda pakati pawo. M'nyumba mwawo anatembenuza zonse. Pogona anapasuntha, mutu kuloza kumpoto monga timagonekera mtembo. Posamba ankathira madzi otentha m'ozizira, monga timachitira posambitsa maliro. M'mawa uliwonse Mitsue ankawaikira mbale ya mpunga kumutu, timitengo todyera titazikidwa pakati choimirira. A Tatsuji anamulumbiritsanso pamaso pa guwa la makolo kuti sadzawayankhula kapena kuwakhudza mpaka mizimu itaperekezedwa mu Ogasiti, ndipo nthawiyo ikadzakwana iwo adzapita okha kuchipatala. Anamuchenjezeratu kuti tsiku lina adzamuitana pofuna kumuyesa, asadzayankhe.

Chinandiopsa kwambiri si kimonoyo ayi, koma mmene anthu anazolowerera msanga. Poyamba amayi ankawaza mchere pakhomo a Tatsuji akadutsa, ngati munthu wochokera kumaliro. Kenako mchere unaleka, anthu anangosiya kuwaona. Wogulitsa nsomba ankawadumpha pamzere osaphethira n'komwe. Wapositi ankapereka makalata awo kwa Mitsue atawerama, ngati kwa mayi wamasiye. Anzawo a ku Osaka aja ankabwera ndi makamera, kuima chapatali, kugwedeza mitu kuti luso lakula. Panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa za magazi a pakansalu kopukutira pakamwa. Ine ndekha ndinkawapatsa moni mokuwa tsiku ndi tsiku, mwadala, iwo n'kumadutsa ngati sanamve.

Mvula ya mu Juni itayamba, kutsokomola kwawo kunkamveka mpaka pakhomo panga, ndipo kunali kutasintha, kukumveka ngati madzi otsalira m'paipi. Ndinachita mantha. Mitsue atabwera kudzasamba ndinamutsekereza pakona yovulira.

"Mwana wanga, amuna akowo akutha. Ayankhule, uwakokere kusiteshoni ngakhale pa ngolo."

"Mayi, zikwangwani zonse zimene anajambula zinang'ambidwa kanema atasintha," anandiyankha, maso ali pansi. "Ntchito iyi yokha ndiyo yawo. Ndikatsegula pakamwa, ndawalanda."

"Nanga ukapanda kutsegula?"

Anapinda thaulo lake bwinobwino, n'kundithokoza chifukwa cha madzi otentha.

Ndinakauza mkulu wa kanjira kathu. Iye anati nkhani za m'banja la eni ake n'zovuta kulowerera, komanso mwini wake anapempha yekha kuti tisamuone. Ndinakauzanso mmodzi wa a makamera aja, mnyamata wa ndevu za mbuzi, yemwe anandiuza mwaulemu kuti mkwiyo wangawo nawonso ndi mbali ya ntchitoyo. Ndinangotsala pang'ono kumuthira madzi a m'ndowa.

Chikondwerero chinayandikira, anthu anayamba kugula nyali zolandirira mizimu. M'mawa wina wotentha Mitsue anaika mpunga kumutu kwa amuna ake monga mwa nthawi zonse, n'kukakhala pa makina ake osokera kuseri kwa chitseko chapepala. Khomo lakunja linali lotsegula chifukwa cha kutentha, ndipo odutsa ankawaona a Tatsuji atagona chagada m'zoyera zawo. Panalibe chachilendo. Mayi woyandikana nawo nyumba anamva mawu akuitana kuti "Mitsue", motsitsa. Makina anaima pang'ono, kenako anayambanso kulira.

Masana Mitsue anakapeza mpunga uli momwe anauikira, ntchentche zili pamwamba, a Tatsuji atasiya kale kupuma.

Bambo wokonza maliro atalowa, ine ndili kale m'nyumbamo, anaima pakati pa chipinda, manja ali lende. Mutu unali kale kumpoto, chovala chinali kale chamaliro, mpunga ndi timitengo take zinali pamalo pake. Panalibe choti agwire.

Mitsue anamupempha kuti asunthe. Anakoka pogonapo yekha mpaka mutu utaloza kummwera. Anamasula lamba wa amuna ake, n'kuika mbali yakumanzere pamwamba monga amavalira amoyo, n'kumanganso. Wokonza maliro anafuna kuletsa, ine ndinamugwira mkono. Kenako Mitsue anazula timitengo tija m'mpunga, n'kutigoneka pambali pa mbale, nagwada pafupi ndi khutu lawo.

"Bambo, ndabwera," anatero. "Mumandiitana?"