Chingwe cha Kumanzere

Ndinakwatira chikamwini kwa Wimbe, ndipo mvula inagwa kangapo mkazi wanga osaima. Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa, atsibweni ake anayankhula osandiyang'ana.

"Akamwini, munda tinakupatsani wachonde. Nanga mbewu mukusungira chaka chiti?"

Amayi amene tinali nawo anaseka. Inenso ndinaseka, poti sindinadziwe chochita. Koma tonse tinamva: mwana akapanda kubwera, ndinyamula khasu langa n'kubwerera kwathu.

Panali chinthu chimene ankadziwa mkazi wanga yekha. Ndikaima nthawi yaitali m'munda, mavalo anga ankalemera mbali ya kumanzere, ndipo ndikagwira ndinkamva ngati nyongolotsi zopiringizana. Ndikagona zinkazimirira. Iye ndiye anandikakamiza kupita kuchipatala cha paboma, ndipo kumeneko ananditumiza kuchipatala chachikulu mumzinda.

Adokotala anandipima nditaimirira, kenako anandikhazika pansi.

"Achimwene, kuchokera m'mimbamu kumatsika chingwe chopita ku mavalo. M'kati mwake muli njira ya mbewu, msempha wobweretsa magazi, ndi misempha yowabweza. Yobwezayo ndiyo yatupa. Magazi akuima pamenepo, akutentha, mbewu n'kumafooka. Ticheka pang'ono m'mphechepeche, titulutse chingwecho, timange. Mwamva?"

"Inde, ndamva."

Kusukulu ndinkayankhanso choncho, ndipo aphunzitsi ankandikonda.

Koma chingwecho ndinkachidziwa. Ndili pa ganyu kuesiteti ndinagwirapo miyendo ya nkhunzi pozifula. Alangizi a ziweto ankapapasa ndi zala mpaka kupeza chingwe chomwecho, n'kuchipana ndi chitsulo. Khungu osang'ambika, magazi osatuluka. Pakapita miyezi mavalo ankafota, ng'ombe n'kumakoka ngolo mofatsa, osayang'ananso msoti.

M'minibasi mutu unangoti balala. Kodi andifula mbali imodzi kuti inayo ilimbe? Nanga munthu wofuna mwana amamuthandiza pomumanga? Mwina adokotala anaona kuti zanga zinatha kale, akungofuna kundichotsera ululu. Kunyumba ndinangoti, "Akuti tidikire." Tsiku limene adokotala anandipatsa linayandikira, ine ndili kakasi, n'kumasankha fodya wofiira pamodzi ndi wakuda mpaka apongozi kundichotsa pamphasa.

Nditamuululira mkazi wanga za ng'ombe zija, anandifunsa:

"Inu, munawafunsa?"

"Munthu ngati ine ndingafunse adokotala?"

"Atsibweni mumawaopa, adokotala mumawaopa. Ine ndibereka ndi mantha anuwo?"

Tinapita limodzi. Ine ndinayang'ana pansi, iye n'kufunsa mosapsatira: "Adokotala, amuna angawa akuti mukufuna kuwafula ngati ng'ombe ya pangolo."

Ndinafuna nthaka itandimeza. Adokotala sanaseke. Anapempha chingwe cha khonje chimene tinamangira katundu wathu, n'kuchimasula tizingwe take pathebulo.

"Ng'ombe amaiphwanya chonsechi pamodzi. Ife timapatula. Iyi ndi njira ya mbewu, ndi yolimba pogwira, sitiikhudza." Anatenga chala changa n'kuchiika padzanja langa pamene pamagunda. "Msempha wogunda chonchi ndiwo umadyetsa mavalo. Timaufunafuna poyamba kuti tiusiye. Palinso tinjira ta madzi toonda ngati ulusi. Timeneto tikamanga, thumba limadzaza madzi. Timangomanga misempha yotupayo basi."

"Nanga magaziwo abwerera kudzera pati?" Ndinadabwa kumva kuti wafunsa ndine.

"Pali tinjira tina. Apeza."

Pamenepo ndinasokonezekanso, koma ndinavomera, chifukwa mkazi wanga anali atandiponda phazi.

Atandicheka, chilonda chinali chachifupi kuposa chala. Adokotala anandiletsa kunyamula mabelo a fodya, ndipo chaka chimenecho atsibweni ananyamula okha, akung'ung'udza kuti mkamwini wapita kutauni kukagula ulesi. Usiku uliwonse ndinkadzipapasa kuona ngati ndayamba kufota. Sindinafote. Nyongolotsi zija ndizo zinachepa.

Tikuwokera fodya wa chaka chotsatira, mkazi wanga anayamba kudana ndi fungo la usipa. Amayi ake anamuyang'ana, n'kumuitanira kuseri kwa nkhokwe. Khasu langa likadali kwa Wimbe.

Atsibweni anandifunsa tsiku lina kuti kodi kuchipatala kuja anatsegula chiyani. Ndinawauza zoona, kuti sanatsegule, anamanga. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ananso, tonse osamvetsa.