Sekondi Yanga Inaima Pamzere

Ine ndine munthu amene ndinatsala pang'ono kukonza nthawi ya dziko lino. Lero ndimasindikiza makadi a ukwati ku Chilomoni, ndipo palibe ukwati ndi umodzi womwe umene unayambapo pa nthawi imene ndinalemba.

Chaka chomaliza ku koleji, pulojekiti yanga inali yoti wotchi ya kompyuta iziyenda ndendende ndi ya setilaiti. Kachipangizo ka GPS kamatumiza chizindikiro sekondi iliyonse ikamayamba, kompyuta n'kukonza wotchi yake. Ndinali nditalephera kale kamodzi.

"Bweretsani zotsatira za masiku atatu," anatero aphunzitsi. "Kusiyana kusapitirire gawo limodzi mwa magawo chikwi a sekondi. Apo ayi, achimwene, basi."

Laputopu yanga inalibe bowo lakale la mapini naini lolumikizira kachipangizoko, choncho ndinagula chingwe cha USB mumsika wa Ndirande. Chimene sindinadziwe n'chakuti pa USB chizindikiro sichingolowa. Chimadikira kuti kompyuta ichifunse, pena pang'ono, pena kwambiri. Kuchedwa kukanakhala kofanana ndikanangochotsera. Kosinthasintha sikuchotsereka.

Tsiku loyamba zinayenda mwapakatikati. Lachiwiri magetsi anazima m'mawa, ndipo papuloti ponse batire yamoyo inali ya laputopu yanga. Anafika alandilodi, mayi achikulire, foni ili m'manja.

"Tabayako iyi, mwanawe, batire yatha. Ndikudikira uthenga wa maliro ku Nsanje."

"Mayi, makinawa akuyeza nthawi."

"Nthawi ndi teni koloko. Ndakuuza ulere. Baya."

Munthu wamkulu, za maliro, komanso nyumba ndi yawo. Ndinabaya. Oyandikana nawo atamva anabwera ndi kachida kogawa mabowo, ndipo pofika masana mafoni anali anayi. Kachipangizo kanga kanayamba kuzima n'kumayaka, kuzima n'kumayaka. Sekondi ya ku setilaiti, itayenda ulendo wonsewo, inkadzaima pamzere kumbuyo kwa anamfedwa.

Mzere wa zotsatira unatuluka ngati mano a sowo. Aphunzitsi anaupenda mwaulemu.

"Bwanji simunagwiritse ntchito kompyuta yakale, ya bowo la mapini? Kumene kuja chizindikiro chimangolowa."

Tinali nayo kunyumba kwathu. Amayi anga ankaikapo beseni la mbale.

Nditawauza amayi kuti ndalephera chifukwa cha kuchedwa kwa chizindikiro ndipo sukulu yathera pomwepo, anapitiriza kupukuta mbale kwa kanthawi.

"Kuchedwa kwakeko, munthu angakuone?"

"Ayi."

"Angakumve?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye zaka zinayi zapita ndi chinthu chosaoneka."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangotsitsa suti imene anandigulira ya tsiku lolandira digiri, n'kuipinda, n'kuiika pansi pa zovala zina m'sutikesi.

Chingwecho ndikadali nacho, ndimamangira chitseko cha shopu chikamavuta ndi mphepo. Pa ntchito imeneyo sichichedwa. Ndinagula K2,500, nditanenerera.