Nkhani imene asibweni anaisuta

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinalumbira koyamba kuti sindidzalembanso nkhani. Kuchokera pamenepo ndalumbira kambirimbiri, ndipo mwezi watha ndinalumbiranso, osindikiza mabuku atandibwezera zolemba zanga kachitatu. Ndatopa, sindikubisa. Koma ndikati ndisiye, amandibwerera m'maganizo ndi amalume anga, amene kwathu ku Sanga tinkawatchula kuti asibweni.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 6. Amayi anandigulira kope la masamu, ine n'kuyamba kulembamo nkhani ya mayi wina, Nyalongwe, amene mwamuna wake anapita ku Joni osabwerako. Ana atagona ndi njala masiku awiri, Nyalongwe anatenga bwato la mwamuna wake n'kulowa panyanja yekha, chinthu chimene akazi kwathu sankachita. Ndinalemba mpaka pamene mwera unamupeza pakati pa madzi, nkhafi n'kumupulumuka. Mawa lake aphunzitsi athu, bambo wa ku Dedza wosadziwa kuseka, anaitanitsa makope. Anawerenga mizere iwiri mokweza, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Analemba kuti "Zachibwana" ndi cholembera chofiira, n'kundipatsa chibalo chozula chitsa kuseri kwa chimbudzi.

Amayi atamva sanachulutse mawu. Anatenga kopelo n'kukapatsa mlongo wawo, asibweni aja, kuti azipichirira fodya. Ine mumtima ndinati lipse basi.

Asibweni anali msodzi kale, koma mwendo unalumala bwato lawo litagubuduka, ndiye ankangosoka maukonde a anthu pansi pa mtengo wa mango. Ankanunkha chingambwe ndi usipa wouma. Tsiku lililonse ankang'amba tsamba limodzi m'kope langa, ndipo ndikamadutsa ndinkayang'ana kumbali.

Patatha masabata atatu, ndikuchokera kovuula chinangwa, beseni lili pamutu, madzi ake onunkha akundiyenderera m'khosi, anandiitana.

"Nyamanda, tabwera kuno. Mayi uja ali kuti?"

"Mayi uti, asibweni?"

"Nyalongwe. Ndafika pa tsamba lomaliza, kutsogolo kulibe kanthu."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti tsamba lililonse ankayamba aliwerenga asanalipichire. Manyazi anandigwira. Ndinawauza kuti ndinasiya, chifukwa aphunzitsi anati n'zachibwana.

"Aphunzitsi akowo nyanja anaionera kuukulu," anatero, maso ali pa ukonde. "Iwe ndiwe mwana wa kuno. Unaonapo bwato litasowa, anthu n'kunyamula makasu kupita kumunda? Munthu akatsala pamadzi palibe amagwira ntchito ina mpaka apezeke, wamoyo kapena wakufa. Iwe mayi wa ana wamusiya pa mwera masabata atatu, ndipo ukudya, ukugona."

Sankaseka. Ndinkadziwa kuti mnzawo amene anagubuduka naye anamufunafuna masiku anayi, ndipo amene anamupeza ndi iwo omwe, mwendo uli chitupire.

Anandibwezera chikuto ndi masamba ochepa osalemba amene anatsala. Ndinakhala pa muzu wa mango n'kulemba mothamanga kuti mwera unangoleka mwadzidzidzi, Nyalongwe n'kupalasa ndi manja mpaka kufika kwawo. Asibweni anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, kenako anandibwezera tsambalo.

"Bodza ili ine sindisuta," anatero. "Mwera suleka chifukwa munthu walira. Wanzeru salimbana nawo. Amakhala pansi m'bwato, kumakapa madzi, mphepo n'kumutengera kumpoto. Kalembenso."

Ndinalemba katatu, ndikunyinyirika, zala zikupweteka. Kachitatuko Nyalongwe anakakocheza ku Usisya patapita masiku awiri, milomo itang'ambika, manja atatupa ndi kukapa, ndipo amayi otsuka mbale kunyanja ndi amene anamukokera kumtunda. Asibweni anawerenga kawiri. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Yewo, wafika." Kenako anang'amba tsambalo pakati, kuthira fodya, kunyambita m'mphepete, n'kuyatsa ine ndikuona. Nkhani yanga yoyamba yonse inapita ndi utsi, ndipo sipanatsale ngakhale mzere umodzi.

Asibweni anamwalira kalekale. Ine ndakhala ndikulemba zaka makumi atatu, pakati pa kuphunzitsa, kuphika ndi kupita kumaliro, ndipo ondiwerenga sangadzaze minibasi. Kale ndinkaganiza kuti wolemba amadikira tsiku limene mtima wafuna, kapena munthu wina wamuyamikira. Masiku oterowo ndi owerengeka. Chimene ndinaphunzira pansi pa mango paja n'chakuti ukamulowetsa munthu m'mavuto ndi dzanja lako, ntchito yokamutenga ndi yako, kaya watopa kaya tsambalo likathera kopichira fodya.

Buku lobwezedwa lija lili m'katoni kunsi kwa bedi. Pamwamba pake pali kope lina limene ndinalekeza pakati miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, mtsikana wina ataima pa siteji ya ku Mpamba, khanda lodwala lili kumsana, minibasi zikungodutsa zodzaza. Lero m'mawa ndalitsegula. Dzanja likulemera ndithu, koma khanda lija likutentha thupi, ndipo palibe wina akudziwa kuti ali pamenepo koma ine.