Dzanja la a Gelevazio

Ndinanyamuka pa Mpingu m'mawa wina m'nyengo ya Lenti, nditasenza theka la thumba la ufa, mchere, sopo ndi kabotolo ka mafuta. Zinali zopereka za mphakati wathu, zopita kwa a Gelevazio, alongo ake a Nankhoma amene timapemphera naye. Posonkha tinalipo ambiri. Itafika nkhani ya wokapereka, aliyense anayamba kudwala, wina mwendo, wina mutu, ndipo Nankhoma mwiniwake anangozolika. Ine ndi kamwa langali ndinati, "Chovuta n'chiyani? Ndipita ine."

Chovutacho chinalipo. A Gelevazio anapita kukagwira utenanti ku Mozambique, kenako kunabwera uthenga woti amira mumtsinje ndipo mtembo sunapezeke. Kumudzi analira maliro, n'kuika thunthu la nthochi m'manda monga mwa mwambo. Patapita zaka, masana dzuwa likuswa mtengo, munthu uja anangotulukira ndi kachikwama m'manja. Anthu anabalalika. Chiyambire tsikulo amakhala yekha kuseri kwa manda, ndipo abale ake omwe amamuopa.

Pa Njewa ndinakwera minibasi ya ku Nsaru. Kondakitala anayang'ana katundu wanga n'kunena kuti, "Mayi, thumbali lilipira ngati munthu."

"Ngati ndi munthu, mulipatse mpando," ndinatero.

Anaseka, komabe K5,000 yanga inapita. Thumba linakhala pamiyendo panga, nkhuku ya mayi wina ikundijompha chidendene mpaka pa Nsaru.

Tinafika cha m'ma 11 koloko. Ndinagula chitumbuwa ndi thobwa, a kabaza n'kundiunjirira ngati ntchentche. Nditatchula kumene ndikupita, anayamba kuchoka mmodzimmodzi.

"Kwa malemu aja eti?" anafunsa wina, akuliza kale njinga kuloza kwina.

Anandivomera ndi bambo wachikulire wa jekete lofiira. "Ndikakusiyani pa kamlatho. Kupitirira apo ayi, ndili ndi ana."

Titadutsa Kabudula tinalowa kamsewu kamatope, ndipo bamboyo anayamba kundilangiza akukuwa chifukwa cha mphepo. "Pali chulu pafupi ndi nyumba yawo. Muike pamenepo, muitane kamodzi, mutembenuke. Onse amatero. Akakupatsani kanthu musalandire. Ena akuti munthuyo alibe chithunzithunzi."

Ndinayang'ana kumwamba. Kunali kutachita mitambo bii, moti ngakhale ine ndinalibe chithunzithunzi.

Pa kamlatho ndinasenza thumba n'kulowa kanjira ka pakati pa chimanga chotalika kuposa ine. Kunali zii. Sikunamveke tambala, mwana kapena mtondo, koma masamba okha akukhwekhwesa thumba langa. Kangapo ndinaima, poganiza kuti wina akundilondola. Kenako chimanga chinatha, ndinangozindikira ndili m'mbali mwa manda. Mitumbira yonse inali m'tchire kupatula umodzi wa kumapeto, wolambulidwa ndi kusesedwa bwino, mizere ya tsache ikuonekabe. Pamtanda wake panalembedwa dzina la munthu amene ndinkamupititsira ufa. Ndinagwira kolona m'thumba la diresi, koma mawu a pemphero anandithawa.

Chulu ndinachipeza. Panali mbale zakale, majumbo ong'ambika ndi thumba lodyedwa ndi chiswe, zizindikiro za achifundo amene ananditsogolera. Ndinatula, n'kuitana, "Odi!"

"Odini, mayi."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga. Anali ataima chapatali, khasu paphewa, munthu wamtali wowonda, wa imvi m'ndevu. Ndinayang'ana mapazi ake kuti ndione ngati akuponda pansi. Ankaponda, ndipo anali ndi matope.

"Zachokera kumphakati kwa alongo anu," ndinatero.

"Zikomo. Siyani pomwepo, ndidzatenga mukapita. Musavutike."

Ananena mofatsa, ngati munthu wozolowera. Ndisanatembenuke, mvula inakhuthuka. Anandilozera khonde la kanyumba kawo, ine n'kuthamangirako ndi thumba kuti ufa usanyowe. Iwo anatsala pabwalo. Nyumba yawoyawo, koma anaima pamvula kuti ine ndisaope. Zimenezi zinandichititsa manyazi kuposa mantha.

"Bambo, bwerani mudzausepo."

Anabwera n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa khonde. Pamafuwa panali kamphika ka maungu. Anapakula m'mbale, n'kunyema kachidutswa, n'kudya ndikuona, monga amachitira munthu wofuna kuonetsa kuti chakudya chilibe kanthu. Kenako anaika mbaleyo pansi n'kuikankhira kwa ine ndi mpini wa khasu. Sanandiyang'ane.

Malangizo a wakabaza anali m'khutu. Kuti ndizengereze ndinafunsa, "Kodi mtumbira uja amasesa ndani?"

"Ndine. Anthuwa anandilira bwino, mayi. Ndingausiye bwanji pathengo?"

"Nanga kutchalitchi mumapita?"

"Ndimaima panja, pawindo. Ikafika nthawi ya moni wa mtendere ndimabwerako, kuti ndisawavutitse."

Ndinatenga mbale ija. Dzungu linali lofunda, lotsekemera, lopanda mchere. Ndinadya lonse mpaka khungu, iwo akuwerenga nthongo iliyonse ndi maso. Nditamaliza anatembenukira kukhoma kwa kanthawi.

Mvula itakata ndinatsanzika, ndipo ndinatambasula dzanja. Analiyang'ana nthawi yaitali. Anapukuta lawo pathalauza, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako n'kundigwira mwamantha ngati akugwira dzira.

"Mayi, inu ndinu a kutchalitchi, musandinamize. Kodi ndi lofunda?"

Apo m'pamene ndinadziwa kuti nawonso anayamba kukayika. Ndipo zoona zake, dzanjalo linali lozizira ngati mwala wa kudambo. Koma langanso linali lozizira, popeza tonse tinanyowa.

"Dikirani kaye," ndinatero.

Ndinaliphimba ndi manja anga awiri. Tinaima choncho pabwalo, madzi akudontha kudenga, mpaka ndinamva kutentha kukubwera m'zala zawo.

"Ndi lofunda, bambo."

Anagwedeza mutu movomera. Thumba analinyamula okha kulowa nalo m'nyumba, ine ndikadali pomwepo.

Wakabaza ndinamupeza atabisala pansi pa mtengo. Anandiyang'ana pakamwa, pomwe panali zotsalira za dzungu. Pa Nsaru anakana kulandira ndalama m'manja mwanga, anati ndiike pampando wa njinga. Zinandipweteka, ngakhale zinali za mphindi imodzi yokha. M'minibasi ndinkangoganiza za chulu chija. Timapereka ndithu, koma nthawi zina timaponya ngati tikudyetsa galu wolusa, kenako n'kupita kwathu tikudziyamikira.

Lamulungu lotsatira ndinakhala dala pafupi ndi Nankhoma. Pa moni wa mtendere ndinamutambasulira dzanja n'kumunong'oneza kuti, "Ili lagwira la achimwene ako."

Anabweza lake msanga n'kulibisa m'chitenje. Nyimbo inkapitirira, anthu akupatsana moni kutsogolo ndi kumbuyo kwathu, ine dzanja lili m'malere. Kenako analitulutsa pang'onopang'ono, n'kundigwira mwamphamvu mpaka zala kuwawa.

"Anawonda?" anafunsa, misozi ili mbwembwembwe.

"Ukaone wekha," ndinatero. "Mchere ndawasiyira wochepa."