Mbuzi Yathu pa Kaseti ya ku Lusaka

Masau akamauma pamphasa amanunkhira ngati mowa wosapsa. Ndikamva fungo limenelo ndimakumbukira nyengo yozizira imene ndinali mu Giredi 4, kwathu ku Kavalamanja. M'mawa mphepo ya ku Zambezi inkang'amba milomo, masana mchenga n'kumaotcha mapazi. Atate anali ku Lusaka pa ntchito ya ulonda, ndipo popeza amai sankadziwa kuwerenga, atatewo sankatumiza kalata. Ankatumiza kaseti kudzera kwa dalaivala wa lole ya nsomba zouma. Mbali imodzi ankalankhula iwo, mbali inayo tinkayankha ife, kaseti n'kubwerera ndi lole yomweyo.

Wailesi yoimba kaseti inali imodzi m'mudzi monse, ya amake Tereza, mayi wa ku Zumbo amene ankawamba nsomba. Kubwereka wailesiyo kunali kuitana anthu. Azimayi ankabwera masana ndi timipando tawo, masau atamanga pachitenje, n'kukhala pakhonde pathu ngati abwera kutchalitchi. Ine ndinkadana nawo. Sankamvera zimene atate ankanena, ankatchera khutu kuseri kwa mawuwo. Chitseko chikalira, ankayang'anana. Supuni ikagunda mbale, amake Tereza ankalavula njere ya sau n'kunena, "Bweza pamenepo." Ndinkalowetsa bolopeni pabowo la kaseti n'kuzungulitsa ndi dzanja kuti mabatire asathe. Atate ankati amagona okha m'kachipinda, ndipo ine ndinkawakhulupirira.

Kaseti ya mwezi wa Julayi itafika, amai ananditumira kukatenga wailesi. Mabatire ndinali nditawayanika padzuwa kuti abweze mphamvu, choncho ndinakhala kuseri kwa khola la mbuzi kuti ndiyese ngati akugwira. Atate anapereka moni, anafunsa za dimba, anati abwera pa Khirisimasi. Kenako, chapatali pang'ono, ndinamva mawu a mkazi, odekha, a munthu amene ali pakhomo pake: "Ba Tembo, madzi osamba apsa." Atate anangopitiriza za dimba.

Ndinabweza katatu. Mawuwo sanachoke. Ndinaganiza za milomo ya azimayi aja, ndi nkhope ya amai pakati pawo. Ndinadina batani lofiira lojambulira, ndinawerenga mpaka khumi chamumtima, ndinazimitsa. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Masana amenewo khonde linadzaza. Atate analankhula za dimba, kenako mawu awo anaduka. M'malo mwake munamveka kupuma kwa mwana, ndi mbuzi ikulira. Sinali mbuzi wamba. Inali mbuzi yathu yothyoka nyanga, imene inkalira mosasa mawu ngati nkhalamba yosuta fodya, ndipo aliyense pakhondepo ankaidziwa.

"Iyayi," anatero amake Tereza. "Mbuzi yanu inakwera lole liti, amake Lute?"

Palibe anaseka kwenikweni. Maso onse anatembenukira kwa ine, Lute, ndili ndi bolopeni m'manja. Amai sanandimenye. Ananditengera kuseri kwa nyumba, anagwada kuti tilingane, n'kufunsa, "Wafufuta chiyani?" Ndinawauza mawu onse monga ndinawamvera. Anayamba kuchotsa minga ya masau imene inakola diresi langa.

Ndinkaganiza kuti athamangitsa anthu. M'malo mwake anabwerera pakhonde, anauza azimayi onse zimene ndinanena, n'kunditumira kutembenuza kaseti. Amake Tereza anasendeza kampando kawo mpaka phewa lawo linagunda la amai. Ndinadina batani lofiira.

"Atate a Lute, kuno tili bwino," anatero amai. "Dimba labereka. Mupereke moni kwa amene amakutenthetserani madzi." Anandikodola kuti ndizimitse. Mbali yonseyo inapita ku Lusaka yopanda china.

Pa Khirisimasi atate sanabwere, ndipo kaseti sinabwererenso. Ine ndinalekezera Giredi 9, ndipo sindifuna kuti munthu andifotokozere chifukwa chake, ndikuchidziwa. Koma nyengo yonseyo azimayi aja sanasiye kubwera. Ankabwera popanda wailesi, kudzasankha masau ndi amai, kudzawaperekeza kudimba, kudzatukwana amuna onse a ku Lusaka mpaka amai ataseka.

Masiku ano atate akalamba, ndipo amanditumizira mawu pafoni. Ndimamvera ndekha, tizingwe tili m'makutu, ndipo sindikhulupirira ngakhale moni wawo. Aliyense amene ndimakhala naye pafupi amachitanso chimodzimodzi: wawerama pakafoni kake, akunamizidwa payekha, palibe womuuza kuti bweza pamenepo. Amati zinthu zapita patsogolo. Patsogolo pa ndani?

Ndili mwana ndinkaganiza kuti azimayi aja ankabwera kudzasaka manyazi a amai, ndipo mwina ena ankabweradi chifukwa cha zimenezo. Sindikuwayeretsa. Koma tsiku limene bodza linafika pakhomo pathu, amai analisenza phewa lawo litatsamira pa la mnzawo. Amene analimva yekha ndinali ine, kuseri kwa khola, ndipo chimene ndinathamangira kuchita n'kulibisa.