Mzere wa a Paison

Zelesi Ngozo ndi kalaliki wa bungwe la alimi a mbatatesi ku Biriwiri. Ofesi yake ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya mbewu, muli tebulo, mpando umodzi ndi laputopu yosweka pakona koma yogwirabe ntchito. Mwamuna wake anapita ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Chaka choyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse, kenako pa Khirisimasi pokha, kenako zii. Mwana wawo Ulemu ali ku sekondale yogonera ku Dedza, ndiye Zelesi amadya yekha.

Ntchito yake inali kukopera mayina a alimi mazana asanu ndi limodzi m'mafomu, nyengo iliyonse mayina omwewo. Atatopa nazo anayamba kudziphunzitsa kulemba mapulogalamu. Akapita pa Boma, pomwe netiweki ndi yabwino, ankatsitsa mavidiyo pa foni, n'kumakaonera ku ofesi nthawi ya nkhomaliro. Panalibe womufunsa. Amayi anzake a kwaya akamuona ankangoti, "Aphunzitsi a makompyuta afika," n'kuseka.

Mawu akuti kalasi anamuzunguza mutu milungu itatu, poti iye ankaganiza za chipinda cha ana asukulu. Anadzamvetsa tsiku lina akudutsa pomwe anthu ankaumba njerwa: kalasi ndi chikombole, chimodzi chokha koma njerwa zambirimbiri. Analemba kalasi yake n'kuitcha Mlimi. M'kati mwake anaikamo konsitirakita, kagawo kamene kamayamba kugwira ntchito mlimi watsopano akamapangidwa m'pulogalamu. Anakalamula kuti kazilandira zinthu zitatu, dzina, mudzi ndi kukula kwa munda, ndipo chimodzi chikasowa kazikana. Kenako analemba kalasi ina yoti izitsegula fayilo ya bungwe, kuwerenga mzere ndi mzere, n'kumapereka kwa konsitirakita uja.

Atayesa, pulogalamu inayenda bwino mpaka mzere wa 213, n'kuima. Anayesanso, inaimanso pomwepo. Pamzerewo panali a Paison Maseko, theka la ekala, koma malo a mudzi anali opanda kanthu.

Zelesi anakafunsa a Fanizo, wapampando wa bungwe.

"Mkulu wa kuphiri uja? Lembanipo mudzi uliwonse, mayi, kapena mungofufuta. Kumisonkhano sabwera," anatero a Fanizo.

Zelesi sanachite zonse ziwirizo. Loweruka m'mawa anamanga chitenje, n'kukwera phiri cha kumalire. Anayenda maola awiri akufunsa njira kwa anthu opalira chimanga. Anapeza kanyumba kamodzi kokha pakati pa mizere ya mbatatesi, mkulu wa imvi akusongola mpini pakhonde.

"Odi, agogo! Ndine wa ku bungwe. Ndabwera kudzafunsa mudzi wanu."

A Paison anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamukankhira kampando.

"Mwakwera phiri lonseli chifukwa cha chimenecho, mayi?"

Kenako mkuluyo anamufotokozera mbiri yawo. Anachoka ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kupita ku migodi, kuchoka uko anakalowa m'mafamu a ku Zimbabwe. Atabwerako patatha zaka makumi anayi anapeza makolo ndi alongo awo ali kumanda, pamalo pawo pakukhala anthu osawadziwa. Kamundaka anawabwereka mnzawo wa ku mgodi, nayenso anamwalira.

"Nanga ndinene mudzi uti? Komwe ndinabadwira sandidziwa. Kuno amanditcha mtchona."

Anakwirira mbatatesi zinayi paphulusa. Podikira kuti zipse anafunsa kuti a bungwe akufuniranji mudzi wawo. Aka kanali koyamba kuti munthu afunse Zelesi za ntchitoyo, ndipo analankhula mpaka pakhosi kuuma: za chikombole, za konsitirakita, za mzere wa 213. Mkuluyo ankagwedeza mutu.

"Akalaliki otilemba ntchito ya ku migodi ankateronso," anatero. "Dzina, mudzi, mfumu. Ukalephera chimodzi, bwerera kwanu. Koma amene anauza makina anuwo kuti azikana ndani?"

"Ndine ndemwe, agogo."

"Ndiye kawauzeni zina."

Lolemba Zelesi anasintha mzere umodzi wa konsitirakita, kuti mudzi ukasowa azilemba kuti sunadziwike n'kupitirira. Anadina batani. Mayina onse anatsika pa sikirini mpaka lomaliza, ntchito ya milungu iwiri kutha asanamalize kupuma kawiri. Anaimirira, n'kutembenuka ngati pali wina kumbuyo. Kunja mwini sitolo ankakangana ndi wakabaza. Anatenga foni kuti aimbire Ulemu, n'kukumbuka kuti kusukulu salola mafoni. Anakhalanso pansi, n'kudya chimanga chake chowotcha chomwe chinali chitazizira.

Chaka chimenecho a Paison analandira nawo mbewu yatsopano. Anatsika okha ndi ndodo, atavala jekete yakale ya ku Joni, n'kupempha kuona dzina lawo pa makinawo. Magalasi analibe, choncho Zelesi anakulitsa zilembo. Anayang'ana, anati zikomo, n'kusenza kathumba kawo.

Masiku ano Zelesi amakwera phiri kamodzi pamwezi, mvula ikalola. Nthawi zina amapeza mkuluyo akudwala, salankhula zambiri, ndiye amangowatungira madzi n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. Wayamba kulemba kalasi yachitatu, ya zokolola, ndipo pali pena pamene pakumukanika kuyambira mwezi wa Meyi.